Mbiri ya Ubatizo Pano Pomwe Luangwa Ithira mu Zambezi

Mpingo wathu wakwanitsa zaka 50. M'kabuku kano ena alemba za kachisi woyamba uja wa udzu, za kwaya, za amayi ndi za achinyamata. Ine komiti ya chikondwerero inandipatsa mutu wa ubatizo. Mutu umenewu sungayambire pa tsiku lomwe mpingo wathu unabadwa, chifukwa anthu a m'chigwa chino anayamba kubatizidwa m'dzina la Khristu agogo a agogo athu asanabadwe. Zaka zathu 50 zili kumchira kwa nkhani ya zaka zoposa 450. M'nkhanimo muli zokondweretsa, mulinso zochititsa manyazi, ndipo ndaona kuti n'kwabwino tiimve yonse tisanakhale pansi kudya mpunga wa chikondwerero.

Tiyambire kutsidya kwa Zambezi. Pa nyengo ya Khirisimasi m'chaka cha 1560, wansembe wa Chipwitikizi wa chipani cha Ajezuiti, Gonçalo da Silveira, anafika ku likulu la Mwene Mutapa, mfumu yaikulu yomwe inkalamulira dziko la kummwera kwa mtsinjewu. Anadzera ku Sena ndi ku Tete. Mfumuyo, Negomo Mupunzagutu, inali ikadali yachinyamata, ndipo inamulandira bwino mlendoyo, n'kumupatsa golide ndi ng'ombe. Iye anazibweza, zomwe zinadabwitsa anthu, poti Apwitikizi ena onse ankabwerera golide yemweyo. Patangopita milungu yowerengeka, mfumu inabatizidwa n'kupatsidwa dzina loti Sebastião. Mayi ake anabatizidwanso, pamodzi ndi anthu a kubwalo la mfumu pafupifupi 300.

Zikanakhala lero tikanati kwagwa chitsitsimutso. Koma pasanathe miyezi iwiri zinthu zinatembenuka. Amalonda ochokera kugombe la nyanja, omwe ankaopa kuti Apwitikizi awalanda msika, anauza mfumu kuti mzunguyo ndi kazitape komanso mfiti, ndipo madzi aja ankathira pamitu ya anthu ndi mankhwala olandira dziko. Mfumu inakhulupirira. Pakati pa mwezi wa Malichi 1561, usiku, anthu a mfumu anamupha Silveira pomumanga chingwe pakhosi, mtembo wake n'kuuponya mu mtsinje wa Musengezi, womwe umathira mu Zambezi kumunsi kwa Zumbo.

Sindilemba izi monyoza munthuyo. Anali wolimba mtima, anachenjezedwa kuti athawe koma sanathawe. Chomwe ndikufuna tione n'chakuti mfumu inalandira madzi isanamvetse chomwe madziwo akunena. Munthu akabatizidwa osaphunzitsidwa, padzabwera wina amene adzamuuze tanthauzo la ubatizo wake, ndipo adzakhulupirira woyamba kumuopseza. Patapita zaka ngati khumi, gulu la nkhondo la Francisco Barreto linakwera Zambezi, imfa ya wansembe uja ili chimodzi mwa zifukwa zomwe ankapereka. Anthu a m'chigwa anaona kuti kumbuyo kwa mtanda kukubwera mfuti, ndipo sanaiwale msanga.

Belu losweka la pa Feira

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, amalonda a Chipwitikizi, ambiri a iwo ochokera ku Goa m'dziko la India, anamanga pa Zumbo ndi tsidya lino. Dzina lakale la Boma lathu, Feira, m'Chipwitikizi limatanthauza msika. Pano pankagulitsidwa minyanga ya njovu, golide, nsalu ndi mikanda. Pankagulitsidwanso anthu. Pamodzi ndi amalondawo panabwera ansembe a chipani cha Adominiko, ndipo wodziwika kwambiri anali Frei Pedro da Santíssima Trindade, yemwe anakhala kuno kuyambira cha m'ma 1720 mpaka cha m'ma 1750. Ankachita mapemphero ndi kubatiza, ankadziwikanso ndi mankhwala, koma analinso mwini malonda a golide ndi mwini akapolo mazanamazana. M'masiku amenewo munthu ankatha kubatizidwa n'kulandira dzina latsopano, mawa lake n'kudzuka ali katundu wa mnzake monga analili dzulo. M'madoko ena a Apwitikizi, monga ku Luanda, akapolo ankabatizidwa m'chigulugulu asanawakweze m'zombo.

Malonda atachepa ndi nkhondo zitachuluka, Apwitikizi anachoka pano cha m'ma 1830. Tchalitchi chija chinagwa. Mpingo wa zaka zoposa 100 sunasiye gulu la anthu opemphera lomwe likanapitiriza lokha.

Pa 14 Januwale 1856, David Livingstone anafika pano akuchokera kumadzulo, pa ulendo wake wopita ku Quelimane, ali ndi anthu oposa 100 omwe mfumu Sekeletu ya Akololo inamupatsa. Asanaoloke Luangwa, tsidya lathu lino, anapeza mabwinja a tchalitchi cha miyala, ndipo pambali pake panali belu losweka lokhala ndi mtanda ndi zilembo IHS. Tsiku limenelo mtima wake sunali m'malo. Anthu a Amfumu a Mburuma ankamuyang'ana ndi diso lokayika, ndipo anali ndi chifukwa, poti ogula akapolo anali atawazunza kale. Iye ankaopa kuti amuthira nkhondo pomwe gulu lake lagawikana, ena ali tsidya lino ena tsidya ilo, mwakuti anaganiza zooloka usiku mozemba. Madzulo ake anatsegula Baibulo n'kuwerenga mavesi otsiriza a Mateyu 28. Analemba m'buku lake kuti mawu a Yesu ndi mawu a munthu wolemekezeka amene sabweza lonjezo, choncho saoloka ngati wothawa. Kutacha anaoloka masana, ndi bwato limodzi lomwe anthu a pano anamubwereka, ndipo palibe amene anamuponyera mkondo.

Nkhani imeneyi imalalikidwa m'maiko ambiri, koma olalikira ambiri sadziwa kuti inachitikira pa dooko lathu. Chomwe chimandigwira mtima ine ndi ichi: mavesi omwe anawerenga usiku umenewo, pafupi ndi belu losweka, ndi omwewo omwe Ambuye analamulira za ubatizo. Muwerenge Mateyu 28:18-20 modekha. Muli ntchito yosandutsa anthu kukhala ophunzira, muli kuwabatiza, muli kuwaphunzitsa kusunga zonse zomwe Iye analamula, kenaka lonjezo lakuti adzakhala nafe. Ubatizo uli pakati, chiphunzitso chili kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Pa Feira yakale anagwira chapakaticho n'kutaya zam'mbalizo, ndipo chomwe chinatsala ndi miyala ndi belu losalira.

Livingstone mwiniyo sanabatize anthu ambiri. Wodziwika ndi Sechele, mfumu ya Akwena m'dziko lomwe lero ndi Botswana, yemwe anabatizidwa mu 1848 atabweza akazi ake ena kwao n'kutsala ndi mmodzi. Patangopita miyezi yochepa zinadziwika kuti mmodzi mwa akazi obwezedwawo ali ndi pakati pa mfumuyo, ndipo Livingstone anamuimitsa pa Mgonero. Munthu wina akanapsa mtima n'kubwerera ku zakale, makamaka pokhala mfumu. Sechele sanatero. Anapitiriza kuwerenga Baibulo ndi kuphunzitsa anthu ake kwa zaka zoposa 40, mpaka imfa yake mu 1892. Ndidzabwereranso kwa iye.

Ana a ogwira ndi ana a ogwidwa

Apwitikizi anabwereranso pa Zumbo cha m'ma 1860, ndipo zaka zotsatira zinali zowawa m'chigwa chino. Mphamvu zinali m'manja mwa anthu ngati José do Rosário Andrade, yemwe timamudziwa ndi dzina loti Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wotchedwa Matakenya. Ndi magulu awo a ankhondo ankasaka njovu ndi kugwira anthu mpaka kutali kumtunda kwa Luangwa. Taonani maina awo: José ndi Yosefe, Rosário ndi kolona yopempherera. Dzina la Chikhristu silinaletse dzanja kumanga goli pakhosi pa munthu.

Pano ndiyankhule mosamala, chifukwa nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwathu. Ena mwa ife ndife zidzukulu za Achikunda omwe ankanyamula mfuti za mabwanawo, ndipo ambiri mwa Achikundawo nawonso anali akapolo kapena ana a akapolo. Ena ndife zidzukulu za Ansenga ndi mitundu ina yomwe midzi yawo inkatenthedwa. Lero anthu a kwa Amfumu a Mphuka ndi a kwa Amfumu a Mburuma timakhala pa benchi limodzi, timamwera chikho chimodzi pa Mgonero, ana athu akwatirana. Mtumwi Paulo pa Agalatiya 3:27-28 amaphunzitsa kuti obatizidwa avala Khristu ngati chovala, ndipo kusiyana kwa mtundu, kwa kapolo ndi mfulu, kwa mwamuna ndi mkazi sikuwagawanso. Kwa anthu a kwina amenewa ndi mawu okoma chabe. Kwa ife a pa Feira ndi mlandu weniweni womwe unathera pa mtanda. Choncho pamene tikusankha akulu a mpingo wina n'kunong'oneza mnzake kuti uyu si wa kwathu, adziwe kuti akutsutsana ndi madzi omwe anabatizidwa nawo.

Cha m'ma 1890 Ajezuiti anatsegula mishoni ya Miruru kutsidya kwa Luangwa, m'dera la Zumbo. Ansembe amenewa anayenda njira ina. Ankaombola ana ogwidwa ukapolo, kuwaphunzitsa sukulu ndi katekisimu, kenaka n'kuwabatiza. Mmodzi mwa ansembe a kumeneko, Bambo Julius Torrend, ndiye anakayambitsa mishoni ya Kasisi pafupi ndi Lusaka mu 1905. Ufumu wa ku Portugal utagwetsedwa mu 1910, boma latsopano linathamangitsa Ajezuiti m'maiko ake onse, ndipo a ku Miruru anaoloka Luangwa n'kudzakhazikika tsidya lino, komwe mishoni ya Katondwe inayamba mu 1912. Timasiyana nawo abale athu a Katolika pa zinthu zingapo, kuphatikizapo kabatizidwe, koma tisakhale osayamika. Ambiri a ife tinabadwira kapena kuchiritsidwa pa chipatala cha Katondwe, ndipo makolo athu ena anaphunzira kuwerenga m'masukulu awo, n'chifukwa chake anatha kuwerenga Baibulo pomwe mpingo wathu unkayamba.

Chipata chothina ndi madzi osanduka mankhwala

Kumpoto ndi kummawa, mamishoni a Chiprotestanti anabwera ndi dongosolo la kalasi. A Dutch Reformed anafika pa Magwero mu 1899 ndi pa Nyanje mu 1905, ndipo kwa iwo, monganso kwa a Livingstonia ku Nyasaland, munthu ankakhala zaka akuphunzira ndi kuyesedwa asanabatizidwe. Cholinga chinali chabwino, koma nthawi zina chipata chinkathina mopitirira. Anthu ankadikira zaka ndi zaka, mmishonale ali mmodzi, oyesedwa ali mazana. Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay, atayamba kubatiza mosadikiritsa chakumapeto kwa 1908, anthu pafupifupi 10,000 anathamangira kwa iye m'miyezi yochepa, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'dzikomo mu 1909. Akulu a mpingo tiphunzirepo: kalasi ikasanduka chilango, anthu adzapita komwe madzi ali pafupi.

Koma nkhani yoopsa kwambiri inachitika m'dziko lathu lomwe lino. Mu 1925 Tomo Nyirenda, wochokera ku Nyasaland, anayamba kubatiza pakati pa Alala m'boma la Mkushi, n'kudzitcha Mwana Lesa, kutanthauza mwana wa Mulungu. Poyamba ankangolalikira ndi kumiza anthu m'madzi. Kenaka, mogwirizana ndi mfumu Shaiwila, ubatizo uja unasanduka njira yogwirira mfiti. Munthu akalowetsedwa m'madzi, mbali ina ya thupi lake n'kutsala pamwamba, ankati ameneyo ndi mfiti, ndipo ankamumiza mpaka kufa. Atawolokera ku Katanga m'dziko la Congo anaphanso anthu oposa 100. Anagwidwa, n'kuweruzidwa, n'kunyongedwa ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, mu 1926.

Musaganize kuti ku Mkushi n'kutali. Madzi a kumeneko amatsikira mu Lunsemfwa, Lunsemfwa n'kuthira mu Luangwa, n'kudzadutsa pano pakhomo pathu. Maganizo ake nawonso sanafere pa chingwe cha ku Broken Hill. Anthu omwe ankamutsatira sanali zilombo. Anali anthu otopa ndi maliro, ofuna wina awauze amene akuwapha. Mantha omwewo tili nawo. Mwana akagwidwa ndi ng'ona pa dooko, tisanaike n'komwe maliro, dzina la gogo wina layamba kale kuyenda m'makutu, ati ng'onayo inali yotumidwa. Ena amafuna madzi a m'botolo opemphereredwa kuti awaze m'bwato. Ena amabwera ku ubatizo ali ndi chithumwa m'chiuno, poganiza kuti chitetezo chiwiri chiposa chimodzi. Mfumu Negomo inauzidwa kuti ubatizo ndi mankhwala oipa, anthu a Mwana Lesa anauzidwa kuti ndi mankhwala abwino, ndipo onsewo anathera pa kupha munthu. Madzi a ubatizo ndi madzi a mu Zambezi omwewa timachapira ndi kumwa. Sagwira mfiti, sathamangitsa ng'ona. N'chifukwa chake pa tsiku la ubatizo abambo amatsogola ndi mabwato kukazinga malo, ndipo sitichita nazo manyazi.

Nanga madziwo amanena chiyani?

Pa Aroma 6 Paulo amafanizira ubatizo ndi maliro. Munthu wakale amaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu, ndipo wotuluka m'madzi amayamba moyo wina monga Khristu anauka. Ife a kuno maliro timawadziwa. Tikaika munthu sitibwerera mawa ndi makasu kukamufukula kuti adzatithandize kukolola. Pa 1 Petro 3:21 timamva kuti nkhani si yochotsa litsiro la pakhungu, ndi ya chikumbumtima chomwe chikudzipereka kwa Mulungu. Ndipo pa Machitidwe 2, anthu 3,000 aja atabatizidwa pa Pentekoste sanabalalike. Anakangamira chiphunzitso cha atumwi, chiyanjano, kunyema mkate ndi mapemphero, n'kumagawana zomwe anali nazo. M'buku lomwelo, chaputala 8, muli Simoni wamatsenga wa ku Samariya, yemwe anabatizidwa bwinobwino kenaka n'kutulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu. Petro anamuuza mosapsatira kuti mtima wake sunali wolunjika. Tsono Baibulo lomwe limatichenjeza kuti munthu angathe kunyowa thupi lonse mtima uli gwa.

Choyamba m'madzimo ndi lonjezo la Mulungu. Iye ndiye amayamba: amakhululuka, amatilandira kukhala ana, amatipatsa Mzimu wake. Malonjezo athu ndi yankho chabe. Koma yankholo ndi lolemera, ndipo Akhristu oyamba ankalidziwa kulemera kwake. Kabuku kakale kotchedwa Didache, kolembedwa pafupi ndi nthawi ya atumwi, kamalangiza kuti wobatizidwa ayambe waphunzitsidwa za njira ya moyo ndi njira ya imfa, asale kudya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo abatizidwe m'madzi oyenda. Ngati madzi ali ochepa, kamalola kuthira pamutu katatu, zomwe ziyenera kutichepetsa ukali tikamakangana ndi a mipingo ina za kuchuluka kwa madzi. Tertullian, Mkhristu wa mu Africa muno, wa ku Carthage komwe lero ndi Tunisia, analemba cha m'ma 200 kuti obatizidwa ankayamba akana Satana ndi zake zonse pamaso pa mpingo. Mawu a Chilatini omwe anagwiritsa ntchito ponena za ubatizo, omwe anabala mawu athu oti sakramenti, ankatanthauzanso lumbiro la msilikali polowa usilikali. Msilikali akalumbira sasankhanso yekha tsiku lomvera ndi tsiku losamvera.

Mafunso omwe timafunsa m'mphepete mwa madzi ndi a mtundu womwewo. Timafunsa ngati munthu akhulupirira Yesu Khristu kukhala Mpulumutsi ndi Mbuye wake, ngati akukana ntchito za mdima, ndiponso ngati adzayenda ndi mpingo ndi kumvera chilangizo chake. Kuyankha kuti inde kumatenga kamphindi, kwaya n'kuyamba nyimbo, amayi n'kululutira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope ake amaoneka Lolemba.

Kwa bambo msodzi, inde uja amatanthauza kuti akapita kukagona milungu iwiri ku msasa wa nsomba amakhalabe mwamuna wa mkazi mmodzi. Amatanthauza kuti sauza mayi wogula nsomba kuti mtengo utsika akabwera usiku. Tikudziwa tonse kuti zimenezi zimachitika m'madooko, ndipo tikudziwa manda omwe zadzaza. Amatanthauza kuti neti yomwe a chipatala anapereka kuti ana agonemo saikokera m'madzi kukaphera tiana ta nsomba, ndipo boma likatseka usodzi kuti nsomba ziswane sazemba usiku. Kwa mayi wa pamsika, amatanthauza kuti nsomba za pansi pa mulu zifanane ndi za pamwamba, ndipo ngongole ya mnzake aibweze asanagule chitenje cha chikondwerero. Masau ndi mphatso ya Mulungu m'chigwa chino, koma wobatizidwa sawasandutsa kachasu wogulitsa kwa ana a sukulu. Kwa wa mu ofesi pa Boma, amatanthauza kuti chimanga cha chithandizo chifike kwa omwe analembedwa. Chilala cha 2024, chomwe boma linachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chinatiyesa tonse pamenepa, olandira ndi ogawa omwe.

Zaka zathu 50

Makolo omwe anayamba mpingo uno sanabatizidwe m'nthawi ya mtendere. Mpingo unali ukadali wakhanda pomwe, pa 6 Malichi 1978, asilikali a Ian Smith a ku Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA ku Kavalamanja, kumtunda kwa Zambezi, ndi ndege ndi mabomba. Asilikali athu ndi anthu wamba anafa, midzi inabalalika. M'zaka zimenezo mtsinje unali malire a nkhondo, ndipo kusonkhana m'mphepete mwake kunali kuika moyo pachiswe. Nkhondo ya ku Rhodesia itatha mu 1980, ya ku Mozambique inakula, ndipo abale athu a ku Zumbo ndi midzi yozungulira ankaoloka ndi mitolo pamutu mpaka mtendere unasainidwa mu 1992. Akhristu a mpingo uno, osauka okhaokha, anawapatsa pogona ndi kugawana nawo ufa wochepa womwe unalipo. Kenaka inafika miliri ya Edzi, pomwe amayi a mpingo ankachoka pa maliro awa kupita pa maliro awo, kusambitsa odwala omwe abale awo enieni ankawaopa, ndi kulera ana amasiye pamwamba pa ana awo. Ambiri mwa amayi amenewo sakanatha kufotokoza Aroma 6 pa mayeso a kalasi. Koma ndikafuna kuonetsa wachinyamata tanthauzo la chaputala chimenecho, ndimamulozera kwa iwo.

Tisadzinamize kuti zonse zinayenda bwino. Buku la maina a obatizidwa ndi lalikulu kuposa mpingo womwe umasonkhana Lamulungu. Ena anamwalira ali m'chikhulupiriro, ndipo tikuthokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Ena anasamukira ku Lusaka, ku Chongwe kapena ku Migodi n'kulowa mipingo ya kumeneko, ena osatenga n'komwe kalata. Koma alipo ambiri omwe ali pano pa Boma pomwe, timakumana nawo pamsika ndi pa dooko, ndipo anasiya kubwera. Ena anaimitsidwa pa Mgonero chifukwa cha mlandu, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe mkulu wa mpingo anapondapo pakhomo pawo. Apa mlandu ndi wathu. Pa tsiku la ubatizo si wobatizidwa yekha amalonjeza. Mpingo ukamaimba pa gombe umakhala ukuvomera kuti munthuyu ndi chiwalo chathu, monga 1 Akorinto 12 amanenera za thupi limodzi. Chala chikatupa sitichidula tsiku lomwelo.

Izi zikundifikitsa pa funso lomwe achinyamata amandifunsa kawirikawiri, makamaka obwera kuchokera m'tauni komwe aneneri achuluka: abusa, ndinagwa, kodi ndibatizidwenso? Ena abatizidwa katatu, mpingo uliwonse womwe alowa n'kuwauza kuti madzi oyamba aja sanagwire. Yankho langa ndi lakuti ayi. Aefeso 4:5 amanena za ubatizo umodzi. Ngati unabatizidwa utakhulupirira, lonjezo la Mulungu silinasukuluke chifukwa iwe waterereka. Mwamuna akalakwira mkazi wake sakonzanso ukwati wina ndi mkazi yemweyo, amapepesa n'kubwerera ku malumbiro oyamba aja. Petro atamukana Ambuye katatu sanatumizidwenso ku Yordano, anafunsidwa za chikondi chake n'kupatsidwanso ntchito. Sechele uja anaimitsidwa ndi mmishonale yemwe anamubatiza, mmishonaleyo n'kuchoka osabwereranso kudzakhala naye, koma iye anagwiritsa ubatizo wake umodzi womwewo mpaka ukalamba. Chomwe wogwa akusowa ndi kulapa, ndi mpingo womwe ungamutsegulire chitseko akagogoda.

Kwa makolo ndinene ichi. Musakankhire mwana ku kalasi chifukwa anzake alowa, kapena chifukwa akupita ku sukulu yogonera komweko ndipo mukufuna apite atatetezedwa. Mulekeni amve yekha kuitana. Koma musamutsekerezenso ponena kuti akadali mwana pomwe iye akuonetsa kuti wamvetsa. Ndipo inu aphunzitsi a kalasi, musakhutire ndi mayankho oloweza. Mufunseni mnyamata chomwe adzachite bwana wa bwato akadzamuuza kuti aponye neti m'nyengo yotseka. Mufunseni mtsikana chomwe adzayankhe azakhali ake akadzati tiyeni kwa sing'anga tikaombeze za matenda a amayi ako.

Bungwe la akulu a mpingo lagwirizana kuti m'chaka chino cha chikondwerero titsegule buku la maina kuyambira tsamba loyamba, ndipo akulu awiriawiri, pamodzi ndi amayi, ayendere aliyense wobatizidwa mu mpingo uno amene akadali moyo ndipo sitikumuonanso. Sitikupita kukazenga milandu. Tikupita kukawauza kuti dzina lawo silinafufutidwe. Ngati muli ndi m'bale wotere, kaya ali pano pa Boma, kaya ku Kavalamanja, ku Katondwe, kutsidya ku Zumbo kapena ku Kanyemba, kaya ku Lusaka, perekani dzina lake ndi komwe akukhala kwa alembi a mpingo mapemphero a chikondwerero akatha. Kalasi ya ofuna ubatizo iyamba Lamulungu lotsatira, ndipo ubatizo udzachitika m'chilimwe madzi akaphwera, pa dooko lomwe akulu adzalengeze.